Ku bebi kilasi angosewera za kantemba, kodi ndimuchotse?

Amake Dalitso
Mwaswera bwanji amai ndi atate pa gulu pano. Ine pali nkhani yandizunguza mutu. Dalitso ali ndi zaka 4, ndinamulowetsa pa kasukulu kena konkuno ku Chawama, ndilipira mwezi ndi mwezi ndi ndalama ya tomato wa ku msika wa Soweto, manje tsiku lililonse ndikamufunsa mwaphunzira chani lero ati tinasewera za kantemba, mawa lake ati ndinali nesi, tsiku lina ati ndinali kondakita. Buku lake lili mbee, masamba awiri chabe ndiye olembedwa. Mwana wa neba wanga msinkhu umodzimodzi ali pa sukulu ina, abwera ndi homuweki tsiku ndi tsiku, awerenga 1 mpaka 50 osapuma. Kodi ndimuchotse? Ndaba kusewera angasewere pa nyumba mahala.

Atate a Taonga
Muchotseni amai. Ine ndine dalaivala wa minibasi ya Matero, ukondakita ndiudziwa bwino, si chinthu cholipirira fizi 😂

Amake Chisomo
Atate a Taonga mwayambapo 😂😂

Ticha Misozi
Amake Dalitso musafulumire, ndiloleni ndilankhuleko ine amene ndimakhala ndi tiana timeneti kuyambira m'mawa mpaka 12 koloko. Mwana wa neba wanuyo mukamuyese, muike tomato 7 pa thebulo mumuuze ndipatse 4, muone ngati apereka 4. Ambiri amene amafika pa 50 amangoimba ngati kolasi ya ku Sande sukulu, chala chili pa tomato wachiwiri pakamwa pafika kale pa 6. Pa kantemba sizitheka zimenezo chifukwa wogula ali pomwepo, ukamupatsa zochepa akuwa kalasi yonse imve.

Ife m'kalasi mwathu tili ndi kakona, muli makatoni a sopo opanda kanthu, mabotolo a saladi, timapepala ta pamela tothira mchenga, ndalama ndi masamba a mango. Ine ndimangokhala chapatali kumvetsera. Sabata yatha kamtsikana kogulitsa kanauza mnzake kuti nkhongole lero kulibe simunabweze ya dzulo, mnzake uja osagwa mphwayi ati amuna anga sanafole ndibweretsa mwezi ukatha, anakokana kokana mpaka anagwirizana kuti atenge sopo yekha shuga asiye, ndiye wogulitsa anatenga khala nkulemba kamzere pa katoni kuti asaiwale nkhongoleyo. Ana a zaka 4 amenewo. Kamtsikana kogula kaja ndikakafunsa funso pa bolodi sikayankha, kamangoluma kolala ya yunifomu, koma pamenepo kanalankhula ziganizo zazitali zokhala ndi chifukwa chake, kanadikira mnzake amalize, kanakanidwa koma sikanamenye munthu. Zimenezo ine sindingaziphunzitse ndi choko.

Atate a Taonga
Koma ticha pa giredi 1 safunsa za nkhongole, afuna mwana alembe dzina lake

Ticha Misozi
Zoona atate, ndipo dzina timaphunzitsa, sindikunena kuti pensulo itayidwe. Koma onani, kamnyamata kamene kamakana kugwira pensulo pa desiki, mukakauza kuti iwe ndiwe nesi lemba pa khadi la sikelo mwana walemera bwanji, kadzaza tsamba lonse ndi mizeremizere nkumawerenga mokweza zimene kalemba. Kayamba kudziwa kuti zolemba zimasunga mau, ndipo zala zikulimba. Mawa kabwera kokha kudzafunsa kuti ticha 5 alemba bwanji ndifuna kuika mtengo pa buledi.

China ndinene poyera ngakhale anzanga a ntchito andida. Masukulu ambiri a mu komboni amapereka homuweki kwa mwana wa zaka 3 osati chifukwa aphunzitsi akhulupirira kuti ithandiza, koma kholo likatsegula chikwama osapeza buku lodzaza mwezi wamawa mwana sabweranso, ndiye mwini sukulu amauza ticha kuti dzazani mabuku. Ndipo tonse tidziwa amene amalemba homuweki ija, ndi mkulu wake wa giredi 5 kapena amake atatopa usiku.

Amake Chisomo
Apo pokha mwalasa 🙈 kwathu m'yadi homuweki ya tiana tonse alemba ndi mtsikana mmodzi wa landilodi, amulipira ndi vitumbuwa

Ambuya a Mphatso
Ana anga ndikulembetsa mdzukulu chifukwa maso salola. Ine ndikudabwa kuti masanje lero afika pokambirana ngati ndi abwino kapena ayi. Kwathu ku Katete tikatha kukolola ana tonse timapita m'munda kukakunkha chimanga chotsalira, nkumanga timisasa ta mapesi kuseri kwa mudzi, mudzi wathunthu ndithu wokhala ndi mfumu yake. Amai amatipatsa kaufa pang'ono, kamchere, nyemba, mphika wong'aluka kukamwa, ndipo timaphika nsima yeniyeni pa mafuwa atatu, yoyamba imatuluka ya mibulu koma palibe amakukalipira, anzako amangoseka nkudya. Anyamata amapita kukakumba mbewa ndi kutema mitengo ya timisasa. Wina amakhala tambala, akalira kokoliliko ndiye kuti kwacha aliyense adzuke atenge tsache. Wina amakhala fisi wobwera kudzaba ndiwo, kawirikawiri amakhala uja wochedwa kubwera kapena wamkulu thupi, tonse nkumuthamangitsa ndi zikuni.

Milandu timaweruza ife tomwe. Mbuzi ya uje yadya m'munda mwa uje, mfumu ikhale pa chitsa, nduna ifunse mbali zonse, wolakwa alipire chisononkho cha chimanga kapena nsawawa zisanu. Ine kulankhula pa bwalo osanjenjemera ndinaphunzirira kumeneko, ndipo pamene ndinakwatiwa palibe anachita kundionetsa kasonkhedwe ka moto kapena kaperekedwe ka madzi kwa mlendo. Akulu samabwera kudzatiuza chochita, koma musaganize kuti samaona, agogo ena amakhala pa mphasa chapafupi akusenda nsawawa, khutu lili kwa ife.

Manje kuno ku Kaunda Square mdzukulu wanga atsekeredwa mu geti tsiku lonse ndi katuni. Mapesi awapeza kuti.

Amake Dalitso
Ambuya mwandikumbutsa kwathu ku Chadiza, ine ndimakhala tambala nthawi zonse ndaba ndinali wamng'ono 😂 koma ambuya nthawi ija sukulu inali ina masanje ena, apa asakaniza

Ticha Misozi
Asakaniza chifukwa cha zomwe anena ambuyazo, mapesi kulibe, bwalo kulibe, pa yadi pali nyumba 8 ndi chingwe cha zovala, panja pa geti ndi mseu ndi ngalande. Ana ambiri malo okha amene amakumana ndi anzao 10 a msinkhu wao ndi ku sukulu. Ndipo si maganizo a sukulu ya Dalitso yokha, boma pomwe linayamba kutsegula makalasi a ana ang'ono m'masukulu a pulaimale cha m'ma 2013 malangizo ake amanena kuti pa msinkhu uwu ana aphunzire kudzera m'masewera, silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025 nayonso ikunena zomwezo. Vuto ndi lakuti kuchokera 2022 pomwe sukulu inakhala yaulere ana achuluka zedi m'makalasi a boma, ticha mmodzi sangakonze kakona ka kantemba pomwe ana akusowa pokhala, ndiye zimathera pa kuimba a e i o u onse pamodzi.

Kondwani wa ku Kalingalinga
Makolo anga ndiponyeko mau ngakhale ndilibe mwana, ndine malume chabe, koma izi ndi zimene tikuwerenga pa yunivesite ya UNZA. Kunali katswiri wa ku Russia dzina lake Lev Vygotsky, anamwalira 1934, iye anaona chinthu chimene ambiri sitiona, kuti masewera oyerekezawa ife timawayesa ufulu koma ndi odzaza ndi malamulo. Mwana akati ndine dalaivala sangachoke pa mpando basi ikuyenda, akati ndine wodwala ayenera kugona phee mpaka dokotala amalize ngakhale thupi likufuna kudumpha, ndipo akaphwanya lamulo anzake amuuza pomwepo kuti dokotala sachita choncho iwe. Ndiye mwana amadzigwira yekha mwa kufuna kwake, chinthu chimene pomuuza ndi pakamwa sachita. Wofufuza wina wa ku Soviet Union komweko, Manuilenko, anayesa m'ma 1940, anauza ana kuti imani osagwedezeka, sanakhalitse, koma atawauza kuti ndinu alonda mukulondera anaima nthawi yaitali kuposa poyamba. Manje ganizani giredi 1, chimene chimavuta ana ambiri si ABC koma kukhala pansi, kudikira, kumvera malangizo awiri otsatizana.

Chinanso, tsamba la mango likakhala K10 mwana wavomereza m'mutu mwake kuti chinthu china chingaimire chinzake. Chilembo nachonso ndi choncho, kamzere pa pepala kuimira liu.

Atate a Taonga
A Kondwani za ku Russia zatifika pa Matero 😂 kulibe wa kuno anafufuzako?

Kondwani wa ku Kalingalinga
Alipo atate. Pulofesa Robert Serpell, amene anakhalaponso Vice Chancellor wa UNZA kuyambira 2003 mpaka 2006, anasindikiza kafukufuku mu 1979 woyerekeza ana a konkuno ku Lusaka ndi ana a ku England. Anawapatsa zithunzi ndi maonekedwe oti atengere. Pojambula ndi pensulo pa pepala a ku England anapambana, popinda ndi waya a kuno anawasiya kutali, poumba ndi dongo la m'sitolo lija anafanana. Chifukwa chake nchodziwikiratu, ana a kuno anakulira kupanga magalimoto a waya. Kuchokera apo iwo ndi anzao anakonza mayeso otchedwa Panga Munthu, oti mwana aumbe munthu ndi dongo m'malo mojambula. Anagwiranso ntchito zaka zambiri m'midzi ya ku Katete kwa ambuya kuja kuyambira m'ma 1970, kufunsa akuluakulu kuti pa ana awa mungatume uti pakagwa chinthu chofuna nzeru, ndipo akulu samayang'ana kuchenjera kokha, amayang'ananso ngati mwana ndi wotumikira, wodalirika.

Koma ndisakunamizeni kuti nkhaniyi inatha. Mu 2013 Angeline Lillard wa ku University of Virginia ndi anzake anaunikanso kafukufuku wa zaka zambiri pa masewera oyerekeza, nkupeza kuti wambiri anachitidwa mofooka, ndipo umboni woti masewerawa paokha ndiwo amapangitsa mwana kukhala wanzeru kapena waluso si wolimba monga anthu amanenera. Mwina ana olankhula bwino ndi amene amakonda kusewera choncho, osati kusewerako ndiko kunawalankhulitsa. Kapena chimene chimathandiza ndi munthu wamkulu amene amacheza nao pa nthawiyo. Ndiye tisamati mwana akasewera za nesi basi masamu alowa okha.

Atate a Taonga
Ehee mwamva ticha, mwana wanu yemwe wa UNZA wanena

Ticha Misozi
Ndamva ndipo sindikutsutsa. Pali kusewera kumene ticha wakonza, waika zinthu, akumvetsera, nthawi zina alowa ngati kasitomala nkufunsa kuti mabanzi awiri ndi sopo zonse zingati, chenji yanga ili kuti. Ndiye pali kuja ticha ali pa foni pa khonde ana akugubuduzana m'fumbi nkumati tikuphunzira mwa masewera. Amake Dalitso chimene mungachite, tsiku lina musiyire mnzanu tebulo la tomato ola limodzi, mupite osanena, mukaime pa windo. Mukaone ngati ticha ali pakati pa ana, ngati pali nthawi ya nthano ndi nyimbo ndi kugwira pensulo pang'ono, ngati ana amasinthana maudindo kapena Dalitso ndi kondakita chaka chonse pomwe mwana wa mwini sukulu ndiye dalaivala. Mukamufunsenso ticha kuti pa sewero la kantemba mumafuna ana atolepo chani, akayankha mosazengereza ndiye kuti adziwa chimene akuchita, akayamba kukanda m'mutu ndiye mungaganize zochotsa.

Amake Tiyanjane
Ine mundikhululukire ndisokoneza pang'ono. Nonse mukuyamikira masanje koma tinene zoona, ife tinakulira ku Mchinji tidziwa zimene zimachitika tambala asanalire. Akati kwada tigone, amai ndi atate alowa m'kamsasa, ndipo pamakhala anyamata akuluakulu a zaka 12, 13 osakanikirana ndi tiana. Ine wanga sindilola za amai ndi atate, asewere za sukulu kapena za chipatala basi. Kuno ku Kanyama nyumba ndi chipinda chimodzi chotchinga ndi nsalu, ana amaona zambiri, ndiye akapita kuseri kwa chimbudzi mukuganiza akayerekeza chani.

Ambuya a Mphatso
Amake Tiyanjane simunaname mwana wanga. Nchifukwa chake ndanena za agogo a pa mphasa aja. Ndipo mtsikana akangoyamba kusintha thupi amamuletsa masanje, mnyamata wamkulu amamutuma kubusa. Kumene kunalibe wamkulu woyang'ana zoipa zimachitika ndithu.

Amake Chisomo
Ndiyankheko monga nesi. Nkhawa yanu ndi yoona koma kuletsa sewero lonse sikuteteza mwana, chimateteza ndi kuti asewere poonekera, chitseko chotsegula, ndi anzake a msinkhu wake, komanso kumuuza m'mau osavuta kuti malo obisika a thupi lake palibe wogwira ngakhale mu sewero ngakhale dokotala wa masanje. Za chipatala zomwe mwalolazo nazonso zimafuna diso lomwelo.

Ndipo pali mbali ina, sewero ndi pamene mwana amatulutsa zimene sangathe kufotokoza. Mwana wa zaka 4 mukamufunsa kuti chavuta nchani angokuyang'anani, koma muone mmene akuchitira ndi chidole chake. Akamachimenya ndi lamba tsiku ndi tsiku nkumanena mau amene inu simunawanenepo, funsani kuti masana amakhala ndi ndani. Akamaonetsa zinthu za akulu zimene msinkhu wake sayenera kudziwa musamumenye, mukamumenya atseka pakamwa mpaka kale, mufunseni mofatsa kuti unaziona kuti, ndipo ngati mtima wanu sukukhazikika pali nambala ya ana ya 116 yaulere kapena bwerani ku kiliniki.

Chosangalatsa nacho ndinene. Nthawi ya kolera ija, pomwe masukulu anakhala otseka mpaka 12 February 2024 ndipo odwala amawatengera ku Heroes Stadium, ana a m'yadi mwathu ku Chilenje anatsegula chipatala chao pansi pa mtengo wa mapeyala. Botolo la madzi analimangirira ku nthambi ndi ulusi kukhala diripu, pa khomo anaika kamnyamata ndi chigubu, aliyense wolowa ati sambani m'manja kolorini iyi, ngakhale ine pochokera ku ntchito anandiimitsa ati sisita malamulo ndi malamulo. Ana amene timalimbana nao kusamba m'manja asanadye anakhala apolisi a sopo. Ndipo anali ndi mantha ana aja, amamva ma ambulansi, amamva akulu akunong'ona za maliro, koma m'chipatala chaocho odwala onse amachira nkupatsidwa ka sweet ka mwala. Ngakhale ku kiliniki timaona, mwana amene amabaya chidole chake nyeleti kunyumba ukamuuza kuti lero ndi iwe, amalira inde koma sachita kugwiridwa ndi anthu atatu.

Amake Tiyanjane
Zikomo sisita, za poonekerazo ndamva. Koma za amai ndi atate kwanga ayi ndithu, aliyense ndi nyumba yake.

Atate a Taonga
Ine chimene chinandiwawa ndi china. Tsiku lina ndafika madzulo ndapeza Taonga wafola mipando, azisuweni ake akhala ngati mapasenja, iye wapachikika pa chitseko akukuwa tauni tauni Kulima Tower mmodzi wotsala, mpaka kumenya chitseko kawiri kuti dalaivala anyamuke. Zonsezo ndinaseka. Koma kenaka anatembenukira kamsuweni kake ati iwe mai ulibe chenji tsika, ndi mau ena amene sindingalembe pano pali ambuya. Ndimadzuka 4 koloko kuti mwana ameneyu adzakhale mu ofesi osati azikatukwana anthu pa siteshoni ndi ma ng'wang'wazi.

Kondwani wa ku Kalingalinga
Atate mwana sasankha ntchito pa zaka 5, amatengera munthu amene kwa iye ndi wamphamvu, ndipo m'basi wolamula ndi kondakita, ndalama zonse zili m'manja mwake zopindidwa pakati pa zala. Mwezi wamawa adzakhala m'busa kapena wa mobile money.

Ticha Misozi
Atate a Taonga apo ndiye pokoma, musaletse, kwerani basiyo. Khalani pasenja wokalamba muone ngati akupatsani mpando wakutsogolo, mupatseni tsamba la K20 ulendo uli K12 muone chenji, akatukwana muuzeni kuti ine basi ya kondakita wamwano sindikwera nditsika, muone mmene asinthire chifukwa safuna sewero lithe. Inu ndiye mudziwa ntchitoyi kuposa ife tonse, mungamuuze masiteji onse kuchokera Matero mpaka tauni motsatana, kumeneko ndi kusunga zinthu mu dongosolo, chimodzimodzi masiku a sabata.

Atate a Taonga
Ndikafika 21 koloko ticha mwana ali mtulo. Koma pa Sande mwina. Chenji yokha aidziwa kale kuposa kondakita wanga 😂

Amake Mapalo
Ndabwera mochedwa ndawerenga zonse. Ine funso langa ndi la foni, wanga wa zaka 3 samasewera zimenezi olo pang'ono, akangodzuka ati foni, ndikamulanda agubuduka pansi. Zidole ndinagula ku Kamwala zodula, kitchen set yonse, anaseweretsa tsiku limodzi basi.

Amake Chisomo
Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019, mwana wosakwana zaka 2 asamaonere sikirini, wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku ndipo kuchepera apo ndi bwino. Masiku oyamba mukachepetsa kudzakhala nkhondo, limbani mtima, akatopa kulira adzayamba kufunafuna chochita.

Ticha Misozi
Ndipo zidole zodulazo nthawi zambiri ndi zimene zimafa msanga, chifukwa kastovu ka pulasitiki ndi kastovu basi sikangakhale china. Katoni yaikulu lero ndi basi, mawa ndi buti ya Airtel Money, mkuja ndi bedi la chipatala. Mupatseni chitenje chakale, mapoto otha ntchito, foni yakufa, chikwama chanu chakale. Chachiwiri mwana wa zaka 3 sayamba yekha, amafuna woyambitsa, kale amayambitsa ndi akulu ake ku masanje. Khalani pansi mphindi zochepa, gogodani pa katoni muti odi kuno mugulitsa malasha? mukamwe tiyi wa mchenga nkunena kuti shuga wachepa. Akagwira ulusi inu chokanipo mwakachetechete. Zitsekerero za mabotolo ndi timiyala kwa wa zaka 3 samalani amaika mkamwa.

Amake Mapalo
Nanga poti ndi mnyamata, atate ake akamupeza ndi mapoto kapena wabereka chidole kumbuyo amakalipa ati mundiphera mwana

Ambuya a Mphatso
Auzeni atate akewo kuti amuna anga malemu anakhala zaka pa mugodi ku Kabwe akudziphikira okha, sanasanduke mkazi. Mnyamata wobereka chidole ndi amene mawa adzanyamula mng'ono wake inu muli pa mpopi.

Atate a Taonga
Apo ambuya ine ndili mbali ya atate a Mapalo pang'ono, mapoto chabwino koma chitenje kumbuyo mmm

Amake Chisomo
Ku sikelo abambo obereka ana timawalowetsa patsogolo pa mzere atate, ganizani bwino 😂

Amake Tiyanjane
Popeza tafika pa zoletsa, nanga za maliro? Ana a pa yadi pathu mwezi watha anakulunga chidole mu nsalu, ena akulira mokuwa amai ine amai ine, wina m'busa, mpaka kukumba kadzenje kuseri kwa nyumba. Landilodi anawabalalitsa ndi tsache ati mukuitana imfa pa yadi panga. Kunali maliro kwa neba masabata apitawo.

Kondwani wa ku Kalingalinga
Ndi zomwe ananena sisita za kolera zija, aona chinthu chachikulu chimene palibe anawafotokozera, anangoona tenti, anthu akugona panja, amai ao akulira, ndiye akuchibwereza kuti achimvetse. Ine ndikanangowafunsa kuti wamwalira ndani, anadwala chani, mungadabwe zimene akuganiza, ena amayesa kuti munthu uja adzabwerako ku manda a Chingwere akachira.

Amake Chisomo
Ine ndigwirizana ndi a Kondwani, amasewera kawiri katatu nkusiya okha. Kuwathamangitsa ndi tsache ndiye kuwaonjezera mantha.

Ambuya a Mphatso
Apo pokha ana anga tisiyana. Za kantemba, za basi, za chipatala, mnyamata kubereka chidole, zonse ndavomera. Koma mwana kulira maliro pa khomo popanda wakufa kwathu ndi malodza, amai anga amatiletsa ndipo ine pa khomo panga ndiletsa. Sindimenya, ndimangowaitana nkuwapatsa nsawawa asende, nkuwauza kuti uja anapita sabweranso, tsopano sewerani za ukwati. A Kondwani mabuku anu a ku Russia anene zimene anena.

Kondwani wa ku Kalingalinga
Ambuya mwawafotokozera kale pamenepo, ndiye ine ndilibe mlandu nanu 🙏

Ambuya a Mphatso
Mlandu ulipo, sisita ati kawiri katatu. Kwanga olo kamodzi.

Ticha Misozi
Amene muli ndi makatoni akuluakulu, mafoni akufa ndi zitenje zakale musataye, ndili ku Mtendere pafupi ndi msika, ndilembereni ku inbox tipangane. Amake Mapalo kitchen set ija ngati yangokhala ibwere nayonso, kwathu mapoto alipo awiri ana 30 ndipo amalimbirana tsiku lililonse.